Malamulo odzipangira akasokoneza nkhondo ya tizidole: zizindikiro ndi kakonzedwe kake

Aliyense amene wasewera kwa kanthawi nkhondo za tizidole ta asilikali a ku Ulaya wakale amafika poona kuti buku la malamulo likusowa kanthu. Wina amafuna kuti oponya mivi azikhoma zichiri patsogolo pawo ngati pa nkhondo ya ku Agincourt, wina kuti gulu lomenyedwa cham'mbali lizivutika kuposa lomenyedwa maso ndi maso, winanso kuti mivi izitha. Kuwonjezera malamulo otere si kulakwa ayi, ndipo masewera ambiri amakoma nawo. Chovuta n'chakuti mavuto amene amatsatira amakhala omwewomwewo pa tebulo lililonse, ndipo ambiri gwero lake n'limodzi: lamulo lapereka mphamvu kwaulere, kapena laperekanso mphamvu imene buku linapereka kale mobisika.

M'munsimu ndime ndi pamene mbali zonse ziwiri zasewera kamodzi, ndipo mpata ndi nthawi ya mbali imodzi. Dayisi ndi ya mbali 6, ndipo 5+ ndiye kuti 5 kapena kuposa. Miyeso ili m'mainchi, poganizira tizidole totalika pafupifupi 28mm pa tebulo la mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Amene muli ndi ta 15mm musinthe malinga ndi buku lanu.

## Musanakonze kalikonse

1. Chotsani malamulo onse odzipangira, musewere kamodzi ndi buku lokha. Vuto likadakhalapo, ndiye kuti si lamulo lanu, mwina ndi kasankhidwe ka magulu kapena kaikidwe ka mapiri ndi nkhalango pa tebulo.
2. Bwezerani lamulo limodzi lokha. Awiri akabwerera pamodzi simudzadziwa limene lalakwa.
3. Sewerani kawiri, ulendo wachiwiri mutasinthana magulu koma tebulo lili momwemo. Magulu omwewo akapambana kawiri konse m'manja mwa anthu osiyana, lamulo ndi limene likupambanitsa.

Khalaninso ndi manambala awa pafupi. Pa madayisi awiri ophatikiza, mwayi wopeza 5+ ndi 30 pa 36, wa 6+ ndi 26, wa 7+ ndi 21, wa 8+ ndi 15, wa 9+ ndi 10. Pa dayisi imodzi, kuchoka pa 6 kufika pa 5+ kumachulukitsa mwayi kawiri, pamene kuchoka pa 4+ kufika pa 3+ kumangowonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho +1 sakhala wofanana paliponse, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera.

## Chizindikiro 1: Oponya mivi akutha adani asanagundane nawo

Ili ndi vuto lofala kuposa onse, chifukwa oponya mivi ndi amene anthu amakonda kuwalembera malamulo.

Choyambitsa chofala kwambiri: mwawonjezera maulendo oponya mosazindikira. Mphamvu ya uta siili pa dayisi pokha, ili pa kuchuluka kwa maulendo amene oponya amalasa adani asanawafike. Tiyerekeze muvi ukufika mainchi 18 ndipo oyenda pansi amayenda mainchi 6 pa mpata. Adzalasidwa pafupifupi katatu. Mukaika lamulo loti matope azidula liwiro pakati, adzalasidwa pafupifupi ka 6. Simunakhudze lamulo la uta n'komwe, koma mwauchulukitsa mphamvu kawiri.
- Onani: gawani mtunda wa muvi ndi liwiro la oukira, lamulo lisanabwere ndi litabwera.
- Konzani: matope akhale kachigawo, osapitirira mainchi 6 kuchoka kumene akuyambira kufika kumene akuthera, kapena azichotsa mainchi 2 okha. Akhudzenso oponya miviwo akafuna kusuntha.

Chachiwiri: +1 woperekedwa pa madayisi ambiri nthawi imodzi. M'masewera ngati Lion Rampant gulu lamphumphu limaponya madayisi 12, ndipo zomenya zimagawidwa ndi nambala ya zovala zachitsulo za amene akumenyedwa. Tengani gulu la zovala za 3. Oponya akamafuna 5+, mwayi wogwetsa tizidole tiwiri kapena kuposa pa kuponya kumodzi ndi pafupifupi 18 pa 100. Mukawapatsa +1 chifukwa aima pachitunda, nambala ikhala 4+ ndipo mwayi uja ukwera kufika pa 61 pa 100. Amene analemba lamulolo ankangofuna kuti chitunda chithandizeko pang'ono.
- Konzani: m'malo mwa +1, lolani kubwerezanso madayisi awiri okha amene aphonya, kapena chitunda chingolola kuponya modumpha anzawo amene ali kutsogolo. Zimenezi zimasintha kaganizidwe ka wosewera popanda kusintha masamu onse.

Chachitatu: zichiri zaulere. Ku Agincourt mu 1415, mfumu ya ku England, Henry V, analamula oponya mivi kuti aliyense anyamule chichiri chosongola mbali zonse ziwiri, chachitali ngati mafiti 6. Zinagwira ntchito chifukwa panali nthawi yozikhoma ndiponso nthaka inali yofewa. Ku Patay mu 1429 apakavalo a ku France anawagwera Angerezi asanamalize kukonzeka, ndipo anawabalalitsa. Lamulo limene limapereka zichiri kuyambira ndime yoyamba, kulikonse kumene gulu lapita, latenga Agincourt n'kuiwala Patay.
- Konzani motere:
  - kukhoma kutenge mpata wathunthu, osayenda, osaponya;
  - zichiri ziteteze kutsogolo kokha, ndiponso kwa apakavalo okha;
  - gulu likasuntha, zichiri zatayika;
  - pamwala, pamsewu wouma ndi m'madzi sizikhomeka;
  - zikhale ndi mtengo. Pa khamu la mapointi 24 ogulira magulu, pointi imodzi ndi yokwanira poyambira.

Chachinayi, chosowa: tebulo n'loyera kwambiri. Ngati palibe nkhalango, mpanda kapena chitunda chotchinga maso, lamulo lililonse la uta lidzaoneka lamphamvu. Ikani zotchinga ziwiri kapena zitatu pakati musanakhudze lamulo.

## Chizindikiro 2: Palibe amene akufuna kuyamba kuukira

Ndime zitatu zatha, magulu angoyang'anizana, aliyense akudikira mnzake. Osewerawo musawanene mantha. Awerenga bwino lamulo, aona kuti woyamba kusuntha ndi amene agonje.

Choyambitsa chofala: malamulo onse owonjezera akukomera woima. Lembani malamulo anu m'mizere iwiri, othandiza woima ndi othandiza woukira. Kawirikawiri mudzapeza khoma la zishango, zichiri, chitunda, ngalande ndi kuponya mivi pa oukira zonse zili mzere umodzi, mzere winawo uli mbee.
- Konzani: lamulo lililonse loteteza likhale ndi chofooka chake. Mbiri imatipatsa zofookazo. Ku Falkirk mu 1298 magulu a nthungo a William Wallace wa ku Scotland, otchedwa schiltron, anabweza apakavalo a mfumu Edward I ya ku England, koma poti anali ataima mothithikana osasuntha, mivi inawatha. Choncho gulu lothithikana lipeze +1 polimbana ndi apakavalo, koma likhale losavuta kulasa, ndipo liziyenda theka la liwiro lake kapena lisayende n'komwe.

Chachiwiri: zowonjezera zikusanjikizana. Khoma la zishango +1, chitunda +1, mtsogoleri ali pafupi +1, zonse pa gulu limodzi. Lililonse palokha n'labwino, koma pamodzi zapanga gulu losagonjetseka.
- Onani: funsani kuti gulu limodzi lingasonkhanitse zowonjezera zingati pa nthawi yabwino koposa.
- Konzani: ikani malire. Pa dayisi imodzi zowonjezera zonse zisapitirire +1, pa madayisi awiri zisapitirire +2. Kapena nenani kuti wosewera asankhepo chimodzi.

Chachitatu: palibe chokakamiza munthu kusuntha. Ngati wopambana ndi amene wapha ambiri basi, kudikira n'kwanzeru. Ikani mlatho, ngolo za katundu kapena mphambano pakati pa tebulo, mupereke mapointi kwa amene waigwira pa ndime ya 6 kapena ya 8. Nthawi zambiri zimenezi zokha zimathetsa vuto popanda kukhudza lamulo lililonse.

Chenjezo pang'ono kwa okonda nkhondo ya ku Hastings. N'zoona kuti khoma la zishango la mfumu Harold ya ku England mu 1066 linalimba pafupifupi tsiku lonse. Koma linagwa pamene ena mwa anthu ake anatsika chitunda kuthamangitsa adani amene ankaoneka ngati akuthawa. Ngati mukufuna khoma lolimba chotero, lembaninso lamulo loti gulu likabweza adani liziyesedwa ngati lingadzigwire osawatsatira.

## Chizindikiro 3: Kumenya cham'mbali kukubweretsa mikangano

Zizindikiro zake ndi ziwiri: tepi yoyezera ikutuluka pa kuukira kulikonse anthu n'kumatsutsana, kapena apakavalo akungozungulira adani kufunafuna m'mbali m'malo momenyana.

Choyambitsa chofala: simunalembe kuti m'mbali ndi pati, ndiponso muziona nthawi iti. Mawu akuti gulu lomenya cham'mbali lipeze +1 sakwanira. Lembani motere: jambulani mzere wongoganizira wotsata kutsogolo kwa gulu lomenyedwa, upitirire mbali zonse. Woukira amenya cham'mbali pokhapokha ngati tizidole take toposa theka tinali kuseri kwa mzerewo mpata wake usanayambe. Mawu akuti usanayambe ndiwo ofunika. Mukaona pa nthawi yogundana, wapakavalo woyenda mainchi 10 adzayambira kutsogolo, n'kukhota, n'kukagunda m'mbali, ndipo kuukira kulikonse kudzakhala kwa cham'mbali.

Chachiwiri: masewera anu alibe kutsogolo ndi kumbuyo. Mu Lion Rampant magulu alibe kumene ayang'ana, tizidole timangoima mwachigulu. Kuikamo lamulo la m'mbali kumafuna kuti muwonjezerenso malamulo a kutembenuka, a kukhota, ndi a kumene gulu lingaponye mivi. Lamulo limodzi labala atatu.
- Konzani: siyani za m'mbali, mugwiritse ntchito kupanikizidwa. Gulu limene lamenyedwa kale mu mpata womwewo, likamenyedwanso ndi gulu lina, liyesedwe kulimba mtima ndi -1. Phindu lokhala ndi magulu awiri pa limodzi lapezeka popanda kuyeza ngodya.

Chachitatu: buku linawerengera kale. M'masewera a De Bellis Antiquitatis kagulu kopanda mnzake m'mbali, pamene mdani ali naye, kamachotseredwa 1, ndipo kamene kagwidwa kutsogolo ndi m'mbali kakagonja sikabwerera m'mbuyo, kamafa. Kuwonjezerapo +1 wina n'kulanga kawiri. Popeza mbali iliyonse ili ndi timagulu 12 tokha ndipo kutaya 4 nthawi zambiri n'kugonja, masewera amatha asanakome. Werengani gawo la zotsatira za nkhondo m'buku lanu mzere ndi mzere musanalembe kalikonse kokhudza m'mbali.

Chachinayi: womenyedwa alibe chochita. Lolani gulu limene silikumenyana ndi aliyense kuti liyese kutembenuka likaona woukira akuchokera kutali, mwachitsanzo kupitirira theka la liwiro lake. Liponye 7+ pa madayisi awiri. Likalephera, lamenyedwa cham'mbali.

## Chizindikiro 4: Magulu sakusuntha, mpata ukutha usanayambe

Choyambitsa chofala: -1 pa madayisi olamulira. Lamulo loti gulu lotalikirana ndi mtsogoleri lizivuta kulamula limamveka lanzeru. Koma m'masewera amene gulu limodzi likalephera kumva lamulo mpata wonse umatha, -1 amapweteka khamu lonse. Mwayi woti magulu anayi otsatizana amve lamulo uli motere:
- onse akamafuna 5+, pafupifupi 48 pa 100;
- 6+, pafupifupi 27 pa 100;
- 7+, pafupifupi 12 pa 100;
- 8+, pafupifupi 3 pa 100.

Kuchoka pa 6+ kufika pa 7+ kwadula mwayi kupitirira theka. Wosewera amakhala ndime zingapo akungopereka madayisi kwa mnzake, ndipo palibe chimene chimagwetsa munthu ulesi pa tebulo kuposa chimenechi.
- Konzani: sandutsani chilango chikhale mphotho. Gulu limene lili mkati mwa mainchi 12 kuchoka pa mtsogoleri libwereze madayisi likalephera, kamodzi kokha pa mpata wonse. Kubwereza kumakweza 7+ kuchoka pa 58 kufika pa 83 pa 100, choncho musalole kawiri. Yambani mwaona ngati buku lanu lilibe kale lamulo lotere.

Chachiwiri: mwachulukitsa zinthu zofuna lamulo. Kukhoma zichiri, kupanga khoma, kutembenuka, kudzaza mivi, chilichonse chikufuna madayisi ake. M'masewera amene dayisi imodzi imapereka kuchuluka kwa zosuntha pa mpata, wosewera amapeza 3 kapena 4 mwa pakatikati, ndipo chatsopano chilichonse chimadya pomwepo. Zing'onozing'ono monga kutembenuka pamalo zikhale mbali ya kuyenda, zisakhale lamulo lapadera.

Chachitatu: malo oyambira ndi otambalala kuposa mtunda wa mtsogoleri. Ngati magulu 6 akuyala mainchi 48 ndipo mtsogoleri amafika mainchi 6 okha, magulu ambiri ali kunja kuyambira ndime yoyamba. Yezani khamu litayalidwa. Mtunda wabwino ndi umene ukufikira magulu oposa theka mtsogoleri ataima pakati.

## Chizindikiro 5: Gulu limodzi likathawa, khamu lonse likutha

Choyambitsa chofala: kuthawa kukupatsirana popanda malire. Lamulo limati gulu likathawa, magulu onse oyandikana nalo ayesedwe kulimba mtima. Werengani. Ngati mayeso akufuna 7+, mwayi wolephera ndi 15 pa 36. Magulu atatu akayesedwa, mwa pakatikati loposa limodzi lilephera, ndipo limenelo liyesetsanso ena atatu. Nambala imeneyi ikangopitirira 1, kuthawa kumafalikira ngati moto wolusa m'tchire louma. Mayeso akakhala 5+, olephera mwa atatuwo amatsika kufika theka la gulu, ndipo kuthawako kumazima kokha.
- Konzani, posankha chimodzi kapena ziwiri:
  - gulu liyesedwe kamodzi kokha pa mpata chifukwa cha kuthawa kwa anzake;
  - mtunda ukhale mainchi 6, osati 12;
  - gulu lothawa chifukwa choona anzake lisayesetsenso ena;
  - kuthawa kwa alimi ndi ozembera kusakhudze asilikali a zovala zachitsulo.

Chachiwiri: wakufa mmodzi akuwerengedwa kawiri. Mabuku ambiri amachotsa kale 1 pa kadole kalikonse kamene gulu lataya. Mukawonjezera -1 wa kutopa, ndipo kutopako kumabwera chifukwa cha kumenyedwa komweko, mwalanga chinthu chimodzi kawiri. Kutopa kuzichokera ku zimene wosewera wasankha yekha, monga kuthamanga kapena kuukira kawiri motsatizana.

Chachitatu: imfa ya mtsogoleri. Ngati mwalola kuti atsogoleri aziitanirana nkhondo ya awiri, kapena oponya mivi azilasa mtsogoleri mwachindunji, ndiye kuti adzafa kawirikawiri kuposa mmene wolemba buku ankaganizira poika chilango cha imfa yake. Chepetsani chimodzi mwa ziwirizi, mwayi woti afe kapena chilangocho.

## Chizindikiro 6: Masewera a maola awiri akutenga atatu

Choyambitsa chofala: madayisi owonjezera pa gulu lililonse ndime iliyonse. Kuponya kumodzi, kuwerenga ndi kuika chizindikiro kungatenge masekondi 20. Magulu 12 pa tebulo, ndime 8, ndiye kuti mphindi 32 zapita pa lamulo limodzi. Mangirirani lamulolo pa madayisi amene mukuponya kale. Mwachitsanzo, madayisi olamulira akagwa 1 ndi 1, gulu latopa kapena mivi yake yachepa. Palibe kuponya kwatsopano.

Chachiwiri: kuwerenga mivi papepala. Ikani kadayisi kakang'ono kumbuyo kwa gulu, muzikatembenuza gulu likaponya. Koma yambani mwaona ngati lamulolo likugwira ntchito n'komwe. Oponya akamalasa kanayi kapena kasanu m'masewera onse, ndipo inu mwawapatsa maulendo 6, mukuwerenga pachabe. Apatseni 4 kuti wosewera azisankha nthawi yoponya. Ngati mukufuna njira yodzaziranso, pa nkhondo ya ku Towton ku England mu 1461 oponya a mbali ya banja la York, mphepo ili kumsana kwawo, anatola mivi ya adani imene inkagwera pafupi n'kuibweza. Lolani gulu litaye mpata umodzi kuti libweze ulendo umodzi, pokhapokha ngati nalonso linaponyeredwa.

Chachitatu: kusokoneza mpata wa mnzako. Kuukira mobwezera, kuzemba, kuponya pa oukira ndi kutembenuka, zonse zimaimitsa wosewera pakati pa mpata wake. Gulu lililonse lichite chimodzi chokha pa mpata wa mdani, ndipo mwini wake anene nthawi yomweyo kuukira kukangolengezedwa, tepi isanatuluke.

## Chizindikiro 7: Apakavalo opepuka sakugwirika

Lamulo la kuthawa mwachinyengo limakopa aliyense amene wawerenga za Amongolia pa mtsinje wa Kalka mu 1223, kapena za apakavalo oponya mivi a Saladin, mfumu ya Asilamu, amene anazunza khamu la mfumu Richard I ya ku England pa ulendo wa ku Arsuf mu 1191. Pa tebulo limasanduka gulu loponya ndime iliyonse, lothawa nthawi iliyonse, losafa.

Zoyambitsa, kuyambira chofala:
1. Kuzemba sikulephera. Kufune 7+ pa madayisi awiri. Akalephera, agwidwa, ndipo amenyane ndi theka la madayisi awo.
2. Mtunda wothawa ndi wokhazikika. Ngati amathawa mainchi 12 nthawi zonse pamene owathamangitsa amafika 10, sadzagwidwa mpaka kalekale. Mtunda ukhale wa madayisi awiri, umene pakatikati pake ndi 7.
3. Akuthawa mu mpata wa mdani n'kuyendanso mu wawo. Gulu limene lazemba liyambe layesedwa kuti lisonkhanenso. Likalephera, mpata umenewo siliyenda, siliponya.
4. M'mphepete mwa tebulo simupweteka. Lotuluka pa tebulo pothawa liwerengedwe kuti latayika.

Musapitirire muyeso pokonza. Apakavalo opepuka amene sangazembe n'komwe alibe ntchito, ndipo mwini wake adzakhala atataya mapointi ake. Yambani ndi 1 ndi 2, muone.

## Chizindikiro 8: Lamulo likumaiwalika

Mukakumbukira masewera atatha kuti panali lamulo la mphepo, mwina silikusintha chimene wosewera amasankha, ndipo lotero lichotseni. Ngati likusinthadi koma likungoiwalika, lipatseni chinthu chooneka pa tebulo: timitengo tosongola tomata pa kathabwa ta zichiri, kamuvi ka pepala kosonyeza mphepo, kamkanda kofiira ka kutopa. Malamulo onse akwane pa khadi limodzi, lililonse litalembedwa zinthu zinayi: limayamba liti, limakhudza ndani, limachita chiyani, limatha liti. Chomaliza chija ndi chimene ambiri salemba.

## Pamene muyenera kusiya n'kufunsa odziwa

Musanamatule tizidole pa timatabwa take. Malamulo a m'mbali ndi a mizere amakopa munthu kuti asinthe timatabwa tozungulira n'kuika ta ngodya zinayi. Imani kaye. Guluu wolimba sagonja msanga, akakolo a tizidole ta pulasitiki ndi ta chitsulo chofewa amathyoka, nthungo zimapindika, penti imasupuka, ndipo mpeni ukaterereka umapita ku chala. Yesani lamulolo masewera angapo tizidole tili pa thireyi ya katoni yodulidwa mwa muyeso umene mukufuna. Mukatsimikiza, pemphani munthu wozolowera ntchito yomata ndi kupenta tizidole kuti akuonetseni pa kamodzi kaye. Kumbukiraninso kuti m'masewera ena m'lifupi mwa kathabwa ndi gawo la malamulo. Mu De Bellis Antiquitatis ndi 40mm pa tizidole ta 15mm, ndipo mukasintha simudzatha kusewera ndi ena.

Ngati vuto lili m'buku lenileni. Ziganizo ziwiri zikamatsutsana, musathamangire kulemba lamulo lachitatu. Osindikiza ambiri amatulutsa zokonza ndi mayankho a mafunso ofala, ndipo mabuku ena anatulukanso kachiwiri atakonzedwa, monga Lion Rampant ya 2014 imene inatulukanso mu 2022. Onetsetsani kuti nonse muli ndi buku la chaka chimodzi. Funso likatsalabe, lemberani osindikizawo.

Ngati mukupita ku mpikisano. Kumeneko malamulo odzipangira sagwira ntchito pokhapokha wokonza mpikisano atawalengeza. Mufunseni pasadakhale, ndipo masewera awiri kapena atatu omaliza musewere ndi buku lokha, chifukwa dzanja lozolowera zichiri limaika oponya mivi pamalo pamene popanda zichiri afa.

Ngati awiri asiyana maganizo ndipo aliyense lamulolo likukhudza khamu lake. Mwini oponya mivi sangaweruze bwino za zichiri. Pezani wachitatu wodziwa masewerawo amene alibe mbali, akhale woyimbira, asewereko mbali zonse ziwiri, ndipo chimene wagamula chigwire ntchito kwa masewera atatu chisanakambidwenso. Pakati pa masewera musasinthe lamulo. Mkangano ukabuka, ponyani dayisi, 1 mpaka 3 zipite kwa uyu, 4 mpaka 6 kwa uyo, mulembe funsolo, mudzakambirane pomaliza.

Ngati malamulo anu adzaza tsamba lonse, kapena mukulemba lamulo lokonza lamulo lina lodzipangira. Apa vuto silikonzekanso ndi manambala. Mukufuna masewera a mtundu wina. Buku lolembedwera timagulu ta anthu makumi angapo olimbirana mlatho silingasanduke la nkhondo ya mizere itatu ya zikwi za asilikali, ngakhale mutalisoka zigamba zingati. Pemphani munthu amene amasewera malamulo a nkhondo zikuluzikulu, monga Hail Caesar kapena De Bellis Antiquitatis, akuyendetseni masewera amodzi ndi tizidole tanu tomweto tili pa mathireyi, musanagule buku kapena kusintha kathabwa ngakhale kamodzi.